Ndasintha pasiwedi pa laputopu koma foni ikadali mkati

Mphukira:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munamangapo tsamba losinthira pasiwedi.

Ndikugwira ntchito pa webusaiti ya maphunziro a pa intaneti. Munthu amatsegula akaunti, amalowa ndi imelo ndi pasiwedi, n'kumaonera mavidiyo a phunziro limene analembetsa. Inalembedwa ndi PHP popanda framework iliyonse, database ndi MySQL, ndipo timalumikiza kudzera pa PDO. Amene anaiyamba anachoka, ine ndangoilandira mmene ilili. Mpaka pano munthu akafuna pasiwedi ina amalembera eni webusaiti, iwo n'kumusinthira pamanja mu database, n'kumutumizira yatsopanoyo pa imelo. Ntchito imene andipatsa ndi yoti zimenezi zithe, aliyense azisintha yekha.

Fomu ndapanga kale. Ili ndi timabokosi titatu: ka pasiwedi yakale, ka yatsopano, ndi kobwerezera yatsopanoyo. Munthu akadina batani ndimatenga id yake mu $_SESSION, ndimaona ngati yakaleyo ili yolondola, kenako ndimachita izi:

$hash = password_hash($yatsopano, PASSWORD_DEFAULT);
$st = $pdo->prepare("UPDATE users SET password = ? WHERE id = ?");
$st->execute([$hash, $id]);

Apa zonse zikuyenda. Chimene chandiimitsa mutu ndi ichi. Ndinalowa ndi akaunti yoyeserera pa laputopu komanso pa foni. Nditasintha pasiwedi pa laputopu ndinatenga foni ija, ndikuganiza kuti indiuza kuti ndilowenso. Ayi ndithu. Mavidiyo akutseguka, tsamba la akaunti likutseguka, ndathanso kusintha dzina ndili pa foni pomwepo. Ndinatseka browser n'kuitsegulanso, ikadali mkati, chifukwa polowa ndinachonga kabokosi ka "Mundikumbukire". Kodi ndi mmene zimakhalira kulikonse, kapena pali chimene ndiyenera kuwonjezera?

Chachiwiri ndi zofuna za eni webusaiti. Akuti kabokosi ka pasiwedi yakale ndikachotse, chifukwa munthuyo walowa kale, ndiye tikumuvutitsiranji. Akufunanso kuti pasiwedi izikhala ndi chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro, isapitirire zilembo 16, izitha ntchito pakapita masiku 90, ndipo munthu asamathe kuchita paste m'kabokosi kobwerezera. Mtima wanga ukukana zina mwa zimenezi, koma ndikufuna ndikapite kwa iwo ndi zifukwa zogwira mtima, osati kungoti sindikufuna.

Chomaliza: mu tebulo la users, maakaunti atsopano ali ndi hash (pasiwedi yosandulizidwa kuti isawerengeke) yoyamba ndi $2y$10$, koma akale ambiri ali ndi zilembo 32 zokha, ndipo mu code yolowera ndapeza kuti ndi md5, njira yakale yopangira hash, yopanda salt (zilembo zachisawawa zimene amasakaniza ndi pasiwedi asanapange hash). Column yake ndi VARCHAR(60). Amenewa ndiwasiye mpaka eni ake adzasinthe okha pa tsamba latsopanoli?

Zikomo kwambiri.

Mlonda:

A Mphukira, mwachita bwino kuyesa ndi foni ija. Ambiri amaima pa UPDATE n'kunena kuti ntchito yatha.

Yambani ndi kudzifunsa kuti amene adzabwere pa tsamba limeneli ndi ndani. Si kawirikawiri munthu kusintha pasiwedi chifukwa choti yamutopetsa. Amabwera ali ndi nkhawa. Wakumbukira kuti analowa pa kompyuta ya anthu ambiri n'kuchoka osatuluka. Foni yake yabedwa. Anauza mnzake pasiwedi ali pa ubwenzi, tsopano ubwenziwo watha. Kapena waona kuti phunziro limene sanalitsegulepo likusonyeza kuti laoneredwa theka. Munthu wotereyu akadina batani lanu, chimene akupempha n'chakuti wina aliyense amene ali mu akaunti yake atuluke. Tsamba likamuuza kuti "Pasiwedi yanu yasinthidwa" winayo akadali mkati, mwamunamiza, ndipo achoka mtima uli m'malo pamene ngozi ikadalipo. Zili ngati kusintha loko wa pakhomo wakuba ali kale kuchipinda.

Chifukwa chake foni yanu sinatuluke n'chosavuta. Pasiwedi imagwira ntchito kamodzi kokha, polowa. Ikatsimikizika, seva imapereka session id, chizindikiro chosonyeza kuti munthuyu walowa, browser n'kuisunga mu cookie ya PHPSESSID. Kuyambira pamenepo tsamba lililonse limangofunsa ngati session imeneyo ilipo pa seva, m'timafayilo tija toyamba ndi sess_. Column ya password palibenso amene amaiyang'ana. Ndiye mungaisinthe kangati, session ya pa foni sidziwa kanthu.

Njira yachidule imene ndimagwiritsa ntchito pa webusaiti yopanda framework ndi iyi. Onjezani column ya nambala mu users, ine ndimaitcha session_version, iyambire pa 1. Munthu akalowa, koperani nambala imeneyo mu $_SESSION. Mu fayilo ija imene masamba onse amaitana poona ngati munthu walowa, werengani nambala ya mu database n'kuiyerekeza ndi ya mu session. Zikasiyana, session_destroy, munthuyo abwerere ku tsamba lolowera. Posintha pasiwedi, UPDATE yanu ija izikwezanso nambalayo:

UPDATE users SET password = ?, session_version = session_version + 1 WHERE id = ?

Chipangizo chimene mwini wake akugwiritsa ntchito pa nthawiyo musachitulutse. Itanani session_regenerate_id(true) kuti apatsidwe id yatsopano ndipo yakaleyo ifafanizidwe, kenako ikani nambala yatsopano ija mu $_SESSION yake. Zipangizo zina zonse zigwa pa tsamba loyamba limene zidzapemphe. Maganizo amenewa si anga ayi. Django, framework ya Python, imasunga mu session chidindo chochokera ku hash ya pasiwedi, ndiye pasiwedi ikasintha ma session ena onse amafa, ndipo update_session_auth_hash ndi imene imapulumutsa session ya amene wasinthayo. Laravel, framework ya PHP, ili ndi logoutOtherDevices ya ntchito yomweyi. Ngati mtsogolo mudzafune kuonetsa munthu mndandanda wa zipangizo zimene zalowa mu akaunti yake, mudzasamutsire ma session mu tebulo la database, kuti muzingofafaniza mizere yake yonse kupatula umodzi. Pakadali pano nambala ija ikukwanirani.

Koma session si khomo lokhalo. "Mundikumbukire" uja ali ndi cookie yakeyake, ndipo session ikafa, cookie imeneyo imangobala ina mwakachetechete. Katseguleni code muone chimene chili mu cookie imeneyo. Choyenera ndi token (zilembo zachinsinsi zosatheka kuzilota) yopangidwa ndi random_bytes, pa seva n'kusunga SHA-256 yake yokha mu tebulo lapadera. Pasiwedi ikasintha, mizere yonse ya munthuyo mu tebulo limenelo ichoke. Chimodzimodzinso ma link a "Ndaiwala pasiwedi" amene anatumizidwa koma sanagwiritsidwe ntchito. Ngati pali app ya pa foni imene imagwiritsa ntchito JWT (token yosainidwa imene app imasunga yokha), ikani session_version mkati mwa token n'kumaiyerekezanso, chifukwa JWT payokha imakhala ndi moyo mpaka nthawi yake itatha. Zonsezi muzichite mu transaction imodzi, kuti pasapezeke nthawi yoti pasiwedi yasintha koma ma token atsala.

Tsopano za kabokosi ka pasiwedi yakale. Musakachotse, ndipo eni webusaiti muwafotokozere chonchi. Kulowa kale kumangosonyeza kuti browser iyi ili ndi cookie, sikusonyeza kuti amene wagwira mouse ndi mwini akaunti. Wina akapeza laputopu yosatseka, kapena akaba cookie, ali ndi akauntiyo kwa kanthawi chabe. Mukachotsa kabokosi kaja mwamupatsa njira yoti aitengeretu. Ndipo onani mmene zinthu ziwirizi zikugwirizanira: mukangomaliza kumanga zotulutsa zipangizo zina, wakubayo akasintha pasiwedi, amene atulutsidwe pa zipangizo zake zonse ndi mwini wake weniweni, pogwiritsa ntchito code yanu yomwe. Ndiye chimodzi sichiyenda popanda chinzake. Amene waiwala yakale mumuikire link ya "Ndaiwala pasiwedi" m'munsi mwa fomu, adutse njira ya imelo.

Pitaninso pa tsamba limene munasinthira dzina lija. Ngati pamenepo munthu angasinthe imelo osafunsidwa pasiwedi, mpata uja ukadalipo: asintha imelo, apempha link yokonzera pasiwedi, ibwera kwa iye. Kusintha imelo kuzifunanso pasiwedi.

Kabokosi ka yakaleko muziwerenga maulendo amene munthu walakwitsa, monga mumachitira pa tsamba lolowera. Mukapanda kutero, amene waba session akhala pamenepo n'kumayesa mapasiwedi mmene angafunire, popanda womuletsa. Fomu ikhale ya POST, ikhale ndi CSRF token (yoletsa webusaiti ina kutumiza fomuyi m'dzina la munthuyo) yosungidwa mu session, yoyerekezedwa ndi hash_equals. Cookie ya session ikhale ndi HttpOnly, Secure ndi SameSite=Lax. Ndaona kuti id mukuitenga mu $_SESSION osati mu fomu, zimenezo zisiyeni choncho.

Zikatheka, tumizani imelo yaifupi yonena kuti pasiwedi yasinthidwa tsiku lakuti nthawi yakuti, ndi choti achite ngati si iye. Pasiwedi yeniyeniyo isalembedwemo. Chizolowezi cha eni webusaiti chotumiza pasiwedi pa imelo chithe tsiku limene tsambali lidzayambe kugwira ntchito.

Nyenyezi:

Za ma session a Mlonda anena zonse. Ine ndiyankhe za md5 zija, chifukwa zikundidetsa nkhawa kuposa zinazo.

Musadikire kuti eni ake adzasinthe okha. Amene anamaliza phunziro lawo kalekale sadzabweranso, ndipo hash yawo idzakhala mmenemo mpaka kalekale. Anthu amenewa pasiwedi yomweyo mwina ndi imene akugwiritsa ntchito pa imelo yawo lero.

Ronald Rivest anapanga MD5 mu 1991 kuti izithamanga, ndipo kuthamangako ndiye vuto lake pa nkhani ya mapasiwedi. Graphics card imodzi ya masiku ano, ndi pulogalamu ngati hashcat, imayesa ma MD5 mabiliyoni ambiri pa sekondi imodzi. Bcrypt, imene imapanga ma hash anu a $2y$ aja, ndipo Niels Provos ndi David Mazières anaitulutsa mu 1999, anaipanga dala kuti izichedwa, komanso imapatsa pasiwedi iliyonse salt yakeyake. Kuti muone ndi maso anu tanthauzo la kusowa salt, yendetsani izi pa database yanu:

SELECT password, COUNT(*) FROM users WHERE LENGTH(password) = 32 GROUP BY password HAVING COUNT(*) > 1

Mzere uliwonse umene utuluke ndi gulu la anthu a pasiwedi yofanana. Wakuba akathyola umodzi wathyola gulu lonselo. Mukaona e10adc3949ba59abbe56e057f20f883e dziwani kuti ameneyo ndi 123456, safunikanso kuthyoledwa. LinkedIn inagwa m'vuto lotereli mu 2012: ma hash pafupifupi 6.5 miliyoni a SHA-1 opanda salt anaikidwa poyera, ndipo mu 2016 zinadziwika kuti obedwawo anali oposa 100 miliyoni.

Mungathe kukonza lero lomwe popanda kudziwa pasiwedi ya aliyense. Lembani script yodutsa maakaunti onse a zilembo 32, itenge md5 imene ilipoyo n'kuilowetsa mu password_hash ngati kuti ndi pasiwedi, zotsatira zake zilembedwe pamalo pa md5 ija, ndipo column ina, tinene kuti legacy_md5, ikhale 1. Munthu wotereyu akamalowa, mumayamba mwapanga md5 ya zimene walemba, n'kuipereka kwa password_verify. Zikagwirizana, muli ndi pasiwedi yake yeniyeni m'manja kwa kamphindi, ndiye pangani hash yabwinobwino, legacy_md5 ibwerere pa 0. Yambani mwayesa pa kope la database. Musaiwalenso kuti ma backup akale akadali ndi md5 zija, ndiye muone amene akufunikadi kusungidwa.

Kutsimikizira pasiwedi kukhale mu function imodzi yokha, imene tsamba lolowera ndi tsamba losinthira onse aziitana. Mukalemba kawiri, tsiku lina munthu wa akaunti yakale adzalowa bwinobwino koma fomu yanu idzamuuza kuti pasiwedi yakale ndi yolakwika.

Column ija ikulitseni ifike VARCHAR(255), monga buku la PHP lomwe limalangizira. Hash ya bcrypt ndi zilembo 60 ndendende, ndiye panopa yakwana pakamwa penipeni. PASSWORD_DEFAULT anaipanga kuti ingathe kusintha, ndipo mukadzasankha Argon2id, njira ina yopangira hash imene PHP ili nayo kuyambira pa 7.3, hash yake ndi yaitali kuposa pamenepo. MySQL ikakhala kuti sili pa strict mode imangodula zotsalazo osadandaula, munthu n'kulephera kulowa ndi pasiwedi yolondola. Mu function ija ikaninso password_needs_rehash. Nambala 10 ya mu $2y$10$ ndi cost, muyeso wa kuchedwa kwa bcrypt, ndipo PHP 8.4 inaikweza kufika pa 12, choncho anthu azikwezedwa okha akamalowa.

China chimene bcrypt imachita mwakachetechete: imawerenga ma byte 72 oyambirira okha, otsalawo imawanyalanyaza. Ndi ma byte, osati zilembo. Mu UTF-8 chilembo ngati ŵ chimadya awiri, emoji zambiri zimadya anayi. Okta, kampani yoona za kulowa m'maakaunti, inalengeza mu 2024 za vuto lochokera pomwepa: ankalumikiza id, dzina lolowera ndi pasiwedi n'kuzipereka kwa bcrypt, ndiye kwa amene dzina lawo linali la zilembo 52 kapena kuposa, pasiwedi inkatha kugwera kunja kwa malirewo. Inu musalumikize kanthu kutsogolo kwa pasiwedi. Kufupika kwake muziyeza ndi mb_strlen, malire a 72 muziyeza ndi strlen, ndipo ikapitirira muuzeni munthuyo poyera m'malo moidula.

Pasiwedi musaidutsitse mu htmlspecialchars, strip_tags kapena chilichonse choyeretsa. Mukugwiritsa ntchito prepared statement ndipo chimene chikupita mu database ndi hash, ndiye palibe choopa. Tsamba limodzi likayeretsa lina osayeretsa, munthu amene anaika & kapena < mu pasiwedi yake adzatsekeredwa kunja osadziwa chifukwa.

Kadzidzi:

Achimwene, pa malamulo a eni webusaiti aja muli ndi chikalata choti mukawaonetse. Bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linatulutsa SP 800-63B mu 2017. Mmenemo analemba kuti anthu asamakakamizidwe kusakaniza zilembo zazikulu, manambala ndi zizindikiro, asamakakamizidwe kusintha pasiwedi chifukwa choti masiku akwana, aziloledwa kuchita paste, ndipo pasiwedi yaitali mpaka zilembo 64 izilandiridwa. Kukakamiza kusintha kuzichitika pokhapokha pali umboni woti pasiwediyo yadziwika. Kufupika anati kusachepere zilembo 8, ndipo m'kope lokonzedwanso la 2025 anakweza kufika pa 15 ngati pasiwedi ndi chitetezo chokhacho. Malamulo akale osakaniza zilembo aja anachokera ku chikalata cha bungwe lomweli, ndipo Bill Burr, amene anawalemba, anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal mu 2017 kuti amanong'oneza nazo bondo zambiri mwa zimene analembazo.

Chifukwa chake aliyense wa ife amachidziwa. Muuzeni munthu kuti pakufunika chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro, alemba Maphunziro1! basi. Pakatha masiku 90 alemba Maphunziro2! ndipo amene anadziwa yoyamba ija yachiwiri saivutikira. Malire a zilembo 16 ndiye amalanga anthu osamala kwambiri, amene amagwiritsa ntchito password manager kapena chiganizo chachitali. Kuletsa paste kumalanga anthu omwewo.

M'malo mwa zonsezo, kanani mapasiwedi amene anabedwapo kale. Have I Been Pwned, ya Troy Hunt, ili ndi API yaulere ya ntchito imeneyi, ndipo pasiwedi sichoka pa seva yanu. Mumapanga SHA-1 ya pasiwedi yatsopano, mumatumiza zilembo 5 zoyambirira zokha, iwo amabweza mndandanda wa ma hash onse oyamba choncho, inu n'kufufuza yanuyo m'mndandandamo. SHA-1 imeneyi ndi yofufuzira chabe, simuisunga. Ikani timeout yaifupi, ndipo API ikapanda kuyankha muloleni munthu asinthebe, chifukwa amene akuthawa wakuba sayenera kudikira seva ya wina. Kananinso yatsopano ikafanana ndi yakale, kapena ikakhala imelo yake yomwe.

Pa fomu, kabokosi ka yakale kakhale ndi autocomplete="current-password", tiwiri tinato autocomplete="new-password", ndipo imelo ya munthuyo ikhalepo ndi autocomplete="username" kuti password manager idziwe akaunti imene ikusinthidwa. Mukachititsanso kuti /.well-known/change-password izilozera ku tsamba lanuli, Chrome ndi Safari zimatha kumubweretsa munthu pomwepo zikamuchenjeza za pasiwedi yofooka.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Mlonda ndi pa kutulutsa zipangizo zonse nthawi iliyonse. Pali munthu amene wangoyamba kugwiritsa ntchito password manager, akusintha mapasiwedi ake onse, palibe amene wamubera. Webusaiti yanu ndi ya mavidiyo, mwina analowa pa tabuleti ndi pa TV, kumene kulemba zilembo 20 ndi remote ndi chintchito. OWASP ASVS 4.0, muyezo wa chitetezo cha mawebusaiti, imanena za kumupatsa munthu mwayi wotseka ma session enawo akasintha pasiwedi. Ine ndikanaika kabokosi koti asankhe yekha.

Mlonda:

A Kadzidzi, za TV zija ndamva, ndipo kabokosiko sindikukana. Koma kabwere kali kochonga kale, amene sakufuna achotse yekha. Yerekezani anthu awiriwo. Wa password manager akaiwala kuchotsa, wataya mphindi zochepa polowanso. Wobedwa foni akaiwala kuchonga, wakuba akadali mu akaunti yake, iye akuganiza kuti wathana naye. Ndipo wachiwiriyu ndi amene akulemba manja akunjenjemera, sawerenga timawu ta m'munsi mwa fomu.

Ma link a "Ndaiwala pasiwedi" azifa nthawi zonse, kaya kabokosiko kachongedwa kaya ayi. Ndipo amene wadutsa njira ya imelo yokonzera pasiwedi asapatsidwe n'komwe mwayi wosankha, zipangizo zonse zituluke.

Mphukira:

Zikomo nonse, mwandithandiza kwambiri. Ndaika session_version, ndipo kabokosi ka a Kadzidzi ndakaika kali kochonga monga anenera a Mlonda. Ndabwereza kuyesa kuja: nditasintha pa laputopu, foni inali pakati pa vidiyo, nditangodina phunziro lotsatira yandibweza ku tsamba lolowera. Laputopu yakhalabe mkati.

Cookie ya "Mundikumbukire" nditaitsegula ndapeza kuti inali ndi id ya munthu ndi md5 ya imelo yake basi, kutanthauza kuti aliyense wodziwa imelo ya mnzake akanatha kuipanga yekha. Ndaichotsa yonse n'kumanga ya token. Query ya a Nyenyezi yatulutsa magulu ambiri ndithu, ndipo e10adc uja alipo. Script yokutira md5 ndayendetsa pa kope la database, ikuyenda, mawa ndiiyendetsa pa yeniyeni. Eni webusaiti nditawafotokozera zoti wakuba angatulutse mwini akaunti, avomera kuti kabokosi ka yakale katsale. Za masiku 90 ndi paste asiya. Za chilembo chachikulu akuti aganizirabe.

Koma ndakumana ndi china. Pofufuza code ya cookie ija ndapeza kuti pali function yogwira zolakwika imene imalemba $_POST yonse mu fayilo ya debug.log nthawi iliyonse kulowa kukalephereka. Ndatsegula fayiloyo, muli maimelo ndi zimene anthu analemba m'kabokosi ka pasiwedi, zooneka bwinobwino, kuyambira zaka zapitazo. Mzere wolembawo ndauchotsa kale. Poti zambiri ndi za kulowa kolephereka, ndiye kuti ndi mapasiwedi olakwika, kodi kungofafaniza fayiloyo n'kokwanira?

Nyenyezi:

Ayi achimwene, n'kosakwanira. Pasiwedi yolakwika nthawi zambiri ndi yolondola imene chilembo chimodzi chaphonyeka, kapena ndi yolondola ya webusaiti ina imene munthuyo wasokoneza. Mukaona mizere iwiri ya imelo imodzi, wina wasowa chilembo apa wina wasowa apo, pasiwedi yeniyeni mwaidziwa. Vutoli lagwerapo ngakhale makampani aakulu. Twitter inapempha anthu ake onse kusintha mapasiwedi mu May 2018 itapeza kuti ankalembedwa mu log ya mkati asanapangidwe hash, ndipo Facebook inavomera zofanana ndi zimenezi mu March 2019.

Musanafafanize, onani kaye pamene fayiloyo ili. Ngati ili mkati mwa foda imene seva imaonetsa kunja, lembani adiresi yake mu browser muone ngati ikutseguka. Ikatseguka, isamutseni nthawi yomweyo, kenako fufuzani mu access log ngati pali wina amene anaipemphapo ndipo seva inayankha 200. Onaninso amene ali ndi FTP kapena SSH ya seva imeneyi, kuphatikizapo amene anachoka uja, komanso ngati fayiloyo inalowa mu Git kapena m'ma backup.

Tulutsanimo mndandanda wa maimelo okha ndi script, musamawerenge mapasiwedi a anthu. Eni webusaiti auzidwe lero, chifukwa kudziwitsa anthuwo ndi udindo wawo, ndipo m'mayiko ambiri malamulo oteteza zinsinsi za anthu amafuna kutero. Apa ndi pamene kukakamiza kusintha kuli koyenera, monga a Kadzidzi ananenera za umboni. Kwa onse a pa mndandandawo kwezani session_version, fafanizani ma token awo, ikani chizindikiro choti adutse njira ya imelo asanalowenso, ndipo uthengawo uwauze mosabisa kuti ngati pasiwedi yomweyo amaigwiritsa ntchito kwina akasinthenso kumeneko. Mukatero fafanizani fayiloyo ndi makope ake onse.

Pali malo ena amene pasiwedi imatha kutulukira ngakhale mzere uja mwauchotsa: stack trace, mndandanda wa ma function amene anaitanidwa cholakwika chisanachitike. Exception ikachitika mkati mwa function yanu yotsimikizira, PHP ingathe kulemba zimene function inalandira, pasiwedi n'kukhala pomwepo. Mu php.ini ya seva yeniyeni ikani zend.exception_ignore_args pa On, ilipo kuyambira PHP 7.4. Ngati muli pa 8.2 kapena kuposa, ikaninso #[\SensitiveParameter] patsogolo pa $yakale ndi $yatsopano. Kenako lowani ndi pasiwedi yolakwika yosavuta kuizindikira, sinthaninso ndi yotero pa fomu yatsopanoyo, n'kuifufuza ndi grep m'mafoda onse a log, a PHP ndi a seva omwe.